Kugawa malayisensi a mapulogalamu pa mpikisano: njira imene ndinaisiya ndi imene ndimaidalira

Anzanga amene mumatsogolera magulu a olemba mapulogalamu mwakhala mukundifunsa funso limodzimodzi, ena pa WhatsApp, ena tikakumana ku misonkhano: tapatsidwa malayisensi angapo oti tigawire anthu, tiuyendetse bwanji mpikisanowo pa intaneti kuti pasakhale madandaulo? Ndayankha mobwerezabwereza mpaka ndaona kuti kuli bwino ndingolemba kamodzi. Yankho langa ndi fomu ya Google Forms yolandirira mayina, kenako maere ochitidwa ndi kasikiripiti (kapulogalamu) kakang'ono kamene aliyense angathe kukayendetsa pa kompyuta yake. Njira zina zitatu zimene anthu amathamangira ndi pulatifomu yolipira ya mipikisano, makomenti a pa Facebook kapena X, ndi GitHub, tsamba limene olemba mapulogalamu amasungirapo khodi yawo. Zonse ndinaziyesa, ndipo imodzi mwa izo ndili nayo chakukhosi mpaka lero.

Mphoto zimene ndikunena pano si galimoto kapena firiji. Kawirikawiri imakhala layisensi (chilolezo chogwiritsira ntchito) ya IntelliJ IDEA kapena PyCharm, mapulogalamu olemberamo khodi, imene kampani ya JetBrains imapereka kwa magulu okumana pafupipafupi kuti azigawa pa misonkhano yawo. Nthawi zina limakhala buku lowerengera pa kompyuta, domeni (dzina la tsamba la pa intaneti), kapena makirediti olipirira seva. Chinthu chotere ndi chamtengo wapatali kwa munthu wolemba khodi tsiku ndi tsiku, koma kwa wina aliyense ndi mzere wa zilembo wopanda ntchito. Apa ndi pomwe mpikisano wathu umasiyana ndi wa sopo kapena wa mayunitsi. Ife sitikufuna chikhamu. Tikufuna layisensi igwe m'manja mwa munthu amene mawa lake adzatsegula PyCharm n'kuyamba ntchito, komanso kuti amene sanapambane asachoke akuganiza kuti tapatsa mlamu wathu.

Ndiyambe ndi imene inandipweteka.

Kunjaku kuli makampani ambiri amene ntchito yawo ndi kuyendetsera anthu mipikisano. Amakupatsa kabokosi kokongola koika pa tsamba lako, wotchi yowerengera masiku otsala, ndi batani losankhira wopambana. Zimenezi mukuzidziwa kale. Dzina la imene ndinagwiritsa ntchito ndilisunga, chifukwa chimene ndikufuna muchenjere nacho ndi kachitidwe kake. Tsamba loyamba linalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti kuyamba ndi kwaulere, ndipo kunalidi kwaulere: kukonza mpikisano, kufalitsa linki, kuonerera nambala ya olowa ikukwera. Tsiku lotseka litafika ndinafuna kutsitsa mndandanda wonse kuti ndichotse amene analowa kawiri, ndiponso kuti anzanga a m'komiti auone tisanachite maere. Batani lotsitsira linali lotuwa. Ukalidina linkakutengera ku tsamba la mitengo. Mayina ndi maimelo amene anthu athu anapereka chifukwa chokhulupirira ife anali atatsekeredwa, ndipo chotsegulira chake chinali malipiro a mwezi ndi mwezi, m'madola. Zinali ngati wasungitsa chimanga chako m'nkhokwe ya mnzako, tsiku lopita kuchigayo iye n'kukuuza kuti khomo limatseguka ndi ndalama.

Kwa munthu wa ku London madola amenewo ndi ndalama ya nkhomaliro. Kwa ife olandira makwacha ndi nkhani ina. Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, khadi limatha kukana kulipira kunja ngakhale mu akaunti muli ndalama. Langa linakana. Apo n'kuti tsiku la maere titalengeza kale, anthu akufunsa m'gulu kuti zotsatira zituluka nthawi yanji. Ndinapempha mng'ono wanga wa ku Johannesburg kuti andilipirire ndi khadi lake, ndipo analipira mosawiringula. Mwezi wotsatira anandiimbira: "Achimwene, anthu anu aja adulanso kuno." Kulembetsako kunali kodzipitiriza kokha, ndipo poletsera pake panabisidwa mkatikati mwa masamba a akaunti. Ndinabweza ndalama za miyezi iwiri kuchokera m'thumba mwanga, pa mpikisano umene mphoto zake tinapatsidwa ulere ndipo tinkagawanso ulere. Ndalamazo zinandiwawa, koma chimene chinandiwawa kwambiri ndi kumulowetsa mwana wa mayi anga m'mavuto chifukwa cha ntchito yodzipereka.

Vuto lina la mapulatifomu amenewa ndi matikiti owonjezera. Ukatsatira tsamba lakuti umapeza tikiti ina, ukagawira anzako linki umapezanso ina, ukabweretsa munthu watsopano matikiti amachuluka. Kwa wogulitsa sopo izi ndi zomveka, chifukwa iye akufuna dzina lake limveke paliponse. Kwa ife ndi chiwonongeko. Pa intaneti pali anthu amene ntchito yawo ndi kulowa mipikisano basi, ndipo ali ndi masamba awo ouzirana kumene kwatuluka mphoto. Linki yathu itafika kumeneko, mndandanda unadzaza ndi mayina amene palibe m'gulu lathu ankawadziwa. Amene anali ndi matikiti ambiri anali munthu wa nthawi yambiri ndi maakaunti ambiri, pomwe wophunzira wa ku MUBAS kapena ku Mzuni amene amafunadi chidacho analowa kamodzi n'kutseka tsambalo kuti bandulo isathe. Woyamba kusankhidwa sanayankhe n'komwe imelo. Wachiwiri anafunsa ngati tingamutumizire ndalama m'malo mwa layisensi.

Ndisawanamizire: mapulatifomu otere amayesetsa kugwira olowa kawiri, ndipo njira imodzi ndi kuyang'ana adiresi ya IP, nambala imene chipangizo chimaonekera nayo pa intaneti. Koma kwathu kuno anthu ambiri amalowa pa Wi-Fi imodzi ya pasukulu kapena ya pamalo ogwirira ntchito limodzi, ndipo makampani a mafoni amadutsitsa makasitomala ambiri pa adiresi imodzi. Choncho anthu osalakwa amatha kuoneka ngati munthu mmodzi wochita chinyengo. Nalo batani losankhira wopambana ndi bokosi lotseka. Umadina, dzina limatuluka. Wolephera alibe njira yoonera ngati unadina kamodzi kapena unabwereza mpaka patatuluka dzina lokukomera.

Makomenti a pa Facebook ndi X ali ndi ubwino umodzi waukulu: anthu ali kale kumeneko, ndipo ambiri amagula mabandulo a masamba a mchezo okhaokha chifukwa ndi otsikirapo mtengo. Kupitirira apo sindiona chabwino. Malamulo a Facebook amalola kuti anthu alowe mpikisano polemba komenti pa tsamba la gulu, koma saloleza kuwauza kuti agawe uthengawo pa tsamba lawolawo kapena atage anzawo kuti alowe, ndipo amafuna unene poyera kuti Facebook siikukhudzidwa ndi mpikisanowo. Ambirife timaphwanya zimenezi osadziwa. X nayo imalangiza oyendetsa mipikisano kuti aletse anthu kutsegula maakaunti ambiri kapena kubwereza uthenga womwewo. Kenako pamabwera ntchito yowerenga. Facebook imaonetsa poyamba makomenti amene yaona kuti ndi ofunika, ndiye ukapanda kusintha kuti ioneke onse, ena amatsala osawerengedwa. Munthu amathanso kusintha kapena kufufuta komenti yake nthawi itatha. Za gulu la WhatsApp ndingonena kuti aliyense wolowamo amaona manambala a foni a anzake, ndipo zimenezo zokha n'zokwanira kuti ndikane. Masamba amenewa ndi abwino polengezera mpikisano. Mayina muzikalandirira kwina.

GitHub ndimaikonda, ndipo mtima wanga ukanakhala wokhawo wosankha, bwenzi itapambana. Umatsegula issue, kutanthauza kamutu kokambirana pa pulojekiti, aliyense wofuna kulowa amalemba komenti. Akaunti iliyonse ili ndi mbiri yooneka: chaka chimene inatsegulidwa, mapulojekiti ake, khodi imene mwini wake walemba. Wosaka mphoto amene watsegula akaunti dzulo amaonekeratu. Komenti iliyonse ili ndi nthawi yake, ikasinthidwa mbiri ya kusinthako imatsala, ndipo API, njira imene pulogalamu yako imatengera zinthu pa GitHub, imakupatsa mndandanda wonse popanda kulipira kalikonse. Mndandandawo uli poyera kuyambira tsiku loyamba, palibe angakutsekere.

Koma pali zinthu zimene zimandibweza m'mbuyo. Chaching'ono ndi chakuti aliyense amene walemba komenti pa issue amayamba kulandira uthenga pa komenti iliyonse yobwera pambuyo pake, pokhapokha atadzichotsa yekha, ndiye olowa oyambirira amatopa nawe. Chachikulu ndi chimene chinachitika ku Hacktoberfest, chochitika cha chaka ndi chaka cholimbikitsa anthu kuthandiza mapulojekiti a khodi yotseguka kwa aliyense (open source), mu October 2020. Kampani ya DigitalOcean inkapereka T-shirt kwa otumiza ma pull request (zopempha kuti eni pulojekiti alandire zimene wasintha) anayi m'mwezi umenewo. M'masiku oyambirira enieni, osamalira mapulojekiti a open source anadzidzimuka ndi ma pull request opanda pake, wina wangowonjezera liwu limodzi mu README (fayilo yofotokoza pulojekiti), wina wangosintha kadontho. Anthu ogwira ntchito mongodzipereka anataya nthawi yawo kutseka zinyalalazo, mpaka okonza anasintha malamulo mwezi uli mkati kuti pulojekiti iziwerengedwa pokhapokha eni ake atavomera kutenga nawo mbali. Ngati malaya okha anabweretsa zoterozo, musauze anthu kuti tikiti yolowera ndi pull request, makamaka ku pulojekiti ya eni. Musawauzenso kuti apereke star (chizindikiro chokondera pulojekiti) kuti alowe, chifukwa malamulo a GitHub amaletsa kukopa anthu ndi mphatso kuti achite zinthu zokweza pulojekiti mwachinyengo. China chimene chimandikhudza ndi ongoyamba kumene. Mtsikana amene wayamba chilankhulo cholembera khodi cha Python miyezi yapitayi ndipo akaunti yake ilibe kanthu amaoneka chimodzimodzi ndi wachinyengo, chonsecho mwina ndi iyeyo amene mphotoyo ingamuthandize koposa. Gulu lanu likakhala la akatswiri odziwana, GitHub ndi yokwanira. Likakhala losakanikirana monga lathu, imasiya anthu panja.

Google Forms ilibe chokongola chilichonse. Ndi yaulere, imatseguka pa foni yotsika mtengo, ndipo mayankho amapita mu Google Sheets imene ndi yako, yotsitsa nthawi ina iliyonse. Ili ndi poletsera kuti munthu asayankhe kawiri, ngakhale kuti zimenezo zimafuna aliyense alowe ndi akaunti ya Google, ndipo wotsimikiza kubera akhoza kukhala ndi maakaunti awiri. Poyeretsa mndandanda kumbukirani kuti Gmail siwerengera madontho a m'dzina la imelo, ndiponso chilichonse cholembedwa pambuyo pa chizindikiro cha + chimafika ku bokosi lomwelo, ndiye maimelo awiri ooneka osiyana akhoza kukhala a munthu mmodzi. Chimene chimagwira ntchito koposa zonsezi ndi funso limodzi: fotokozani m'ziganizo ziwiri pulojekiti imene mukugwira ndi chilankhulo chimene mukulembera. Wosaka mphoto amadutsa, chifukwa mipikisano yosavuta ilipo yambiri. Wongoyamba kumene amayankha mosavutika. Funsoli si mayeso, sitipereka mamalikisi, koma lembani m'malamulo kuyambira pachiyambi kuti yankho lopanda kanthu lidzachotsedwa, kuti pasadzakhale wonena kuti mwasintha malamulo mpira uli mkati.

Fomu imangosonkhanitsa mayina. Nkhani yaikulu ndi maere, ndipo apa ndi pomwe magulu ambiri amataya chikhulupiriro cha anthu awo.

Ena amaika RAND(), fomula yotulutsa nambala mwachisawawa, pambali pa dzina lililonse mu Sheets n'kusanja. Vuto lake ndi lakuti manambalawo amasintha nthawi iliyonse ukakhudza tsambalo, ndiye chithunzi chimene watumiza m'gulu sichitsimikizira kanthu. Ena amagwiritsa ntchito gudumu lozungulira la Wheel of Names, limene limasangalatsa anthu mukakhala m'chipinda chimodzi kapena pa Google Meet onse akuonerera. Koma vidiyo yojambulidwa kale ilibe umboni, chifukwa wojambula akhoza kuzungulitsa mpaka atakhutira. Tsamba la random.org ndimalilemekeza. Analiyambitsa Mads Haahr mu 1998 ku Dublin, ndipo manambala ake amachokera ku phokoso la mumlengalenga lojambulidwa ndi mawailesi, osati ku masamu a kompyuta. Chida chake chosakaniza mndandanda ndi chaulere, koma nachonso ukhoza kuchibwereza mwakachetechete. Ali ndi ntchito ina yochitira maere imene imasunga umboni woti olowa akaone okha, ndipo mtengo wake amaunena poyera, koma ndi yolipira, zimene zikutibwezeranso ku khadi ndi ndalama zakunja.

Njira imene ndimaidalira sindinaipeke ndine. Bungwe la IETF, limene limakonza miyezo ya intaneti, limasankha mwa maere anthu khumi ovota mu komiti yake yosankha atsogoleri, kuchokera pa mndandanda wa odzipereka. Ndondomeko yake inalembedwa m'chikalata cha RFC 3797 cha chaka cha 2004. Mfundo yake ndi yosavuta: lengezani mndandanda poyamba, lengezani kumene mudzatenge manambala oyambira, ndipo manambalawo akhale oti panthawi yolengezayo palibe akuwadziwa, monga zotsatira za lotale imene isanachitike. Manambalawo akatuluka, aliyense akhoza kuwerengera yekha n'kupeza mayina omwewo.

Ife timachita chonchi. Pa fomu aliyense amasankha dzina loti lidzaoneke poyera, kaya la pa GitHub kaya lina lililonse, kuti tisafalitse imelo ya munthu. Fomu ikatsekedwa ndipo tayeretsa mndandanda, timauika poyera pamodzi ndi SHA-256 ya fayiloyo (hash, kutanthauza mzere wa zilembo ndi manambala wowerengeredwa kuchokera ku fayiloyo, umene umasintha ikangosinthidwa), n'kupereka tsiku lathunthu kuti amene dzina lake lasowa adandaule. Nthawi yomweyo timalengeza nambala ya block ya Bitcoin (gawo latsopano la kaundula wa ndalama ya pa intanetiyi) imene isanatuluke. Block yatsopano imatuluka pafupifupi mphindi 10 zilizonse, ndiye n'zosavuta kusankha nambala imene ifike mawa. Simukuyenera kukonda Bitcoin kapena kukhala nayo, tikungobwereka hash ya block imeneyo chifukwa palibe wa ife angaidziwiretu kapena kuisintha, ndipo imaoneka kwa aliyense kwaulere. Amene sakufuna kumva za Bitcoin akhoza kutenga manambala ku drand, ntchito ya League of Entropy imene inayamba mu 2019 mothandizana ndi Cloudflare ndi mabungwe ena, yotulutsa manambala otere poyera. Block ikatuluka, sikiripiti imalumikiza hash yake ndi dzina lililonse, imawerengera SHA-256 ya zimenezo, n'kusanja mayina kuyambira pa zotsatira zazing'ono. Apamwamba ndiwo opambana. Mu Python ndi mizere pafupifupi khumi pogwiritsa ntchito hashlib, chida chake chowerengera hash.

Wina adzafunsa kuti bwanji osangogwiritsa ntchito random.seed ndi random.sample, zida za Python zosankhira mwachisawawa. Zimatheka, koma zolemba za Python zimanena momveka kuti njira zambiri za mu random zikhoza kusintha pakati pa mavesheni, ndiye mnzanu wa vesheni ina akhoza kupeza dzina lina n'kuyamba kukukayikirani pachabe. SHA-256 imapereka yankho lomwelo mu Python, mu JavaScript ngakhale pa terminal. Ndipo anthu athu ndi olemba mapulogalamu. Ukawapatsa sikiripiti amaiyendetsadi, ena amailembanso m'chilankhulo chawo pofuna kukugwira. Nthawi yoyamba imene tinachita zimenezi, amene anatsimikizira zotsatira m'gulu anali mmodzi mwa olephera, ndipo panalibenso wofunsa za mlamu. Kuipa kwa njirayi ndi kwakuti ntchito yonse ndi yako: kulemba malamulo, kuyeretsa mndandanda, kufotokozera ongoyamba kumene chimene hash ikuchita. Madzulo amodzi amapita. Ine ndimalolera kutaya madzulo amenewo.

Pa za malamulo a dziko ndinene mwachidule. Musalipiritse polowa, ngakhale ndalama yochepa ya pa Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa mukatero mwayandikira za lotale, ndipo zimenezo ku Malawi zili m'manja mwa Malawi Gaming and Lotteries Authority. Maimelo ndi mayina a anthu ali pansi pa lamulo la Data Protection Act la 2024, limene woyang'anira wake ndi MACRA, ndipo abale athu a ku Ulaya akalowa nawo, kumbukirani kuti kumeneko kuli lamulo lofanana nalo la GDPR kuyambira May 2018. Funsani zokhazo zimene mukufunikira kuti mphoto ifike, ndipo musasandutse mndandandawo kukhala wotumizirapo zotsatsa popanda eni ake kuvomera. Ichinso ndi chifukwa china chimene sindifunira kuti mayina a anthu athu akhale pa seva ya kampani imene ndikafuna kuwafufuta ndiyenera kupempha.

Musanatsegule fomu, yang'anani bwino mphotoyo. Ophunzira amapeza zida za JetBrains kwaulere akatsimikizira kuti ali pasukulu, ndipo GitHub Student Developer Pack ili ndi zida zina zambiri zaulere. Kuyambira October 2024 WebStorm ndi Rider, zida zina za JetBrains, ndi zaulere kwa wosazigwiritsa ntchito pa malonda. Lembani zimenezi pamwamba pa fomu, kuti wophunzira akatenge chake kumeneko, layisensi ya mpikisano ipite kwa amene watsiriza sukulu ndipo akulembera makasitomala pa laputopu yake. Makirediti a seva nthawi zambiri amafuna khadi la ku banki kuti akaunti itseguke, ndiye chenjezani anthu asanalowe. Makuponi nawo amakhala ndi tsiku lothera, choncho lengezeranitu kuti wopambana ali ndi masiku angati oti ayankhe. Akapanda kuyankha simuchitanso maere ena, mumangotsika pa mndandanda wosanjidwa uja n'kulembera wotsatira, amene aliyense akumuona kale kuti ndi ndani.